Duwa Limene Linandimanga pa Chikamwini

Pali anthu amene moyo wawo unasokonekera chifukwa cha mowa, ena chifukwa cha ndale. Ine wanga unasokonekera chifukwa cha duwa. Inde, duwa, lopanda ndi fungo lomwe. Musafulumire kuseka, chifukwa pamene ndikulemba izi m'manja mwanga muli matuza okhaokha, ndipo matilesi amene ndinagula kuti ine ndi mkazi wanga tizikagonapo pa Boma akadali m'pulasitiki mwake, makoswe akuyeserapo mano.

Ine ndine mphunzitsi wa bayoloje pa sekondale ina yoyendera pa Mwanza Boma. Kwathu ndi ku Chiradzulu, kuno inandibweretsa ndi ntchito. Nditakhalako pang'ono, maso anagwera pa Esinati, mtsikana wa m'mudzi wina wa kwa Kanduku amene ankabwera kudzagulitsa manachesi pamsika. Ndinagula manachesi mpaka m'kamwa munachita zilonda, kenako tinakwatirana. Monga mwa mwambo wa kwawo ndinalowa chikamwini, n'kumanga kanyumba kanga pakhomo pa apongozi anga, a Nangozo. M'kati mwa sabata ndinkagona ndekha pa Boma m'kachipinda ka lendi, Lachisanu n'kupalasa njinga kukwera zitunda zija kukaona mkazi wanga ndi mwana wathu Tadala, amene nthawi imeneyo anali akukwawa.

Chimene ndinkafuna pa moyo wanga chinali chimodzi basi: chitengwa. Andilole kutenga mkazi wanga ndi mwana tizikakhala limodzi pa Boma, nanenso ndileke kudya mazira okazinga tsiku ndi tsiku ngati mbeta. Wopereka chilolezo chimenecho anali atsibweni ake a Esinati, a Zakeyu, mwini mbumba, bambo wa mimba yake ndithu, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga zolengeza m'tchalitchi. Nditatuma ankhoswe anga kukapempha, yankho linabwera lakuti: "Choko tamva kuti aphunzitsi amachidziwa. Tiwaoneko kaye ndi khasu dzinja limodzi m'munda mwa apongozi awo. Tikakolola bwino, adzamtenge mwana wathu." Dzinja limodzi lokha, abale inu! Ndinapita kukagula matilesi tsiku lomwelo.

Tsono ine ndili ndi nthenda imene ndinaitenga ku koleji. Ndimakonda zomera za masamba onenepa, zija zimasunga madzi m'masamba mwake n'kumamera pamwala pamene chomera china chilichonse chingafe. Anzanga ankatolera makaseti a nyimbo, ine ndinkatolera timasamba m'zitini. Mphunzitsi wathu wina anatiuzapo kuti m'mapiri a dziko lino mukhoza kukhala zomera zimene akatswiri sanazilembe, ndipo kuti chomera chatsopano nthawi zina amachitcha dzina la amene anachipeza. Mawu amenewo anandilowa ngati thekenya. Ndinkalota dzina langa litalembedwa m'Chilatini, ana a sukulu a kunja akutuluka thukuta kuliloweza.

Chaka chomwecho, nthawi ya dzuwa udzu wonse utapsa, anatituma kukayang'anira mayeso ku Thambani. Tsiku lina titaweruka ndinazungulira kuseri kwa golosale ina yakale yogumuka (musandifunse kuti ndinkakatani, madzi a m'thupi alibe ulemu), ndipo pamwala pamenepo ndinachiona. Tsinde loongoka, lofika m'bondo. Masamba ake sanali aphanthiphanthi ayi, anali obulungira ngati mapensulo, amawangamawanga ngati nkhanga. Kunsonga kwa tsamba lililonse kunali timwana ting'onoting'ono, kalikonse kali kale ndi timizu take. Dziko lonse lili gwaa kuuma, icho chili chonenepa bwinobwino. Pambali pake panali chitini chadzimbiri chobooka kunsi, chonga zija amayi amadzalamo maluwa pakhonde. Chitinicho ndinachiona. Ndinachikankha ndi phazi kuti chisandisokoneze maganizo.

Masiku amenewo mafoni ojambulira ndi kufunsira zinthu pa intaneti anali asanafike m'manja mwa anthu ngati ife. Buku lokhalo la zomera limene linali pasukulu linali ndi chithunzi cha chomera cha masamba aakulu, chija ana amaika tsamba lake m'kope n'kumera mizu. Changachi munalibe. Ndinati basi, Mulungu wandikumbukira. Pa Boma sindikanachisiya, chifukwa aphunzitsi anzanga a sayansi ndi anthu a maso aatali. Ndinachimangirira pa keliyala ya njinga, n'kukachidzala m'beseni lakale pakhonde pa kanyumba kanga kumudzi.

Loweruka a Zakeyu anabwera kudzandilonjera. Anakhala pampando, n'kuliyang'ana besenilo kwa kanthawi.

"Aphunzitsi, chimenechi chimadyedwa?"

"Ayi, atsibweni."

"Ndi mankhwala?"

"Sindinadziwe bwino."

"Ooo. Ndiye ndi alovera wa mtundu wina."

Pamenepo ndiye anandiyabwa pomwe pamandiyabwa. Ndinaimirira ngati ndili m'kalasi. Ndinawafotokozera kuti kunenepa kwa masamba si chibale ayi. Alovera ali ndi banja lake, nkhadze ili ndi banja lake, ndipo ichi ndi cha banja lina lotchedwa Crassulaceae. Pofuna kuti amvetse bwino ndinati, "Mwachitsanzo, anthu awiri akakhala ndi mimba zikuluzikulu, sitinganene kuti ndi pachibale chifukwa cha mimbazo." Nditamaliza kunena m'pamene maso anga anatsikira pa malaya awo, pamene batani limodzi linali litagonja kale. Esinati, amene ankasenda mtedza pambali, anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapitiriza. Ndinati zomera za banja limeneli masana zimatseka timabowo ta m'masamba kuti madzi asathawe, n'kumatsegula usiku kuti zikoke mpweya.

"Chopuma usiku, masana n'kukhala phee," anatero a Zakeyu, "kuno timachitchula dzina lina."

Ndinaseka ndekha. Kenako ndinawauza kuti m'banjamo muli mafuko, monga momwe anthu alili ndi mifunda. Kuli fuko la Sedum, limene duwa lake kawirikawiri limakhala ngati kanyenyezi ka timasamba tisanu totayana. Kuli la Crassula, la timaluwa ting'onoting'ono. Kuli la Kalanchoe, limene timasamba ta duwa lake timakhala tinayi, tolumikizana ngati kabelu. Changachi masamba ake ankaoneka ngati a Sedum, koma timwana tija tinkaloza kwa Kalanchoe, ndiye chogamula mlandu chinali duwa basi.

"Ndiye kuti mwabweretsa mlendo pakhomo pano amene inuyo simukudziwa kwawo?"

"Tidzamudziwa akadzachita maluwa, atsibweni."

"Liti?"

"Mwina nthawi yozizira, tikakolola."

Ndipo ine, mkamwini wopanda ndi nkhuku yomwe pakhomopo, ndinaika lamulo loti wina aliyense asachikhudze chomeracho mpaka chitachita maluwa.

Apa ndiyenera kufotokoza za ine ndi apongozi anga. Kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Tikakumana panjira wina amapatukira m'tchire. A Nangozo akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinati, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva zonse, inenso n'kuyankhira kwa Esinati yemweyo. Chikwatirireni ndinali ndisanawalankhulepo mwachindunji ngakhale liwu limodzi, ndipo pa chimenechi chokha mudzi wonse unkandiyamikira kuti ndine mwana woleredwa.

Tsoka lake, apongozi analikonda duwalo. Mjigo uli kutali ndi mudzi umenewu, ndiye chomera chobiriwira chosapempha madzi chinali chozizwitsa kwa iwo. Tsiku lina ali kuseri kwa nkhokwe ndinamva akuti, "Esinati, uwafunse bambo a Tadala ngati timwana togwa pansiti tili ndi ntchito." Ndisanayankhe, anali atatolera kale m'kansalu. Lamlungu anakagawira amayi anzawo a kutchalitchi. Ine zinandipweteka, osati poopa kuti chifalikira ayi, koma poopa kuti wina adzandilanda ulemerero wanga. Ndinauza Esinati kuti, "Uwauze amayi asiye kugawa." Koma mwana wamkazi angakapereke bwanji lamulo la mkamwini kwa mayi ake omubereka? Uthengawo unakafika utavala zovala zina: "Akuti muzigawa pang'onopang'ono." Apongozi anamvera. Anagawa pang'onopang'ono, Lamlungu lililonse.

Zimenezo zinali zochepa. Chachikulu ndinachichita ndekha ndi manja angawa. Pofuna kuonetsa a Zakeyu kuti sukulu ili ndi phindu, ndinakumba dzenje la kompositi kuseri kwa khola la mbuzi, n'kulamula kuti zinyalala zonse zosesedwa pakhomo zizitayidwa mmenemo. Esinati ndi mkazi waukhondo, amasesa m'mawa uliwonse. Ndipo m'mawa uliwonse pansi pa beseni lija pankakhala timwana tatsopano titagwa. Tonse tinkapita m'dzenje langa. Ine ndikabwera Lachisanu ndinkathiramo madzi, n'kutembenuza ndi fosholo, ndikuimba mluzu. Mvula itayandikira ndinabwereka wilibala, ndinatuta manyowa onsewo, n'kukawamwaza m'munda mwa apongozi mzere ndi mzere. Anthu odutsa ankaima n'kumati, "Koma a Nangozo anapeza mkamwini!"

Mvula inagwa. Chimanga chinamera, mtedza unamera. Patapita masabata angapo, ndikufika Lachisanu ndisanatsike n'komwe panjinga, ndinapeza a Zakeyu akundidikira pamphambano.

"Aphunzitsi, mlendo wanu uja waitana abale ake. Tiyeni mukawalonjere."

Mayo ine! Pakati pa mtedza, m'mphepete mwa mizere, ngakhale pachulu, paliponse panali timapensulo tamawangamawanga titaima njo, tambirimbiri ngati ana a sukulu pa asembule. Koma pakamwa panga sipadziwa kugonja. Ndinati, "Musadandaule atsibweni, ameneyu ndi udzu ngati udzu wina uliwonse. Mawa ndithana nawo."

Inu mukudziwa mmene timapalirira kuno. Udzu timaudula ndi khasu, n'kuukwirira pamzere kuti uwolere momwemo. Bonongwe amafa choncho, chisoso chimafa choncho. Ine ndinalowa m'munda ndi ukali wa munthu amene matilesi ake akumudikira. Ndinadula, ndinaduladula, ndinanyenyanyenya kuti pasatsale kanthu, n'kukwirira bwinobwino ndi dothi lonyowa. Kunena mwachidule, ndinadzala. Kachidutswa kalikonse kanaphuka, timwana tonse tinagwira. Ndipotu ine ndi amene chaka chilichonse ndimaima kutsogolo kwa ana a Folomu 2, tsamba lili m'manja, kuwaphunzitsa kuti zomera zina zimaberekana popanda njere. (Ana amene ankalephera funso limeneli ndinkawapatsa chibalo chotchetcha. Mulungu amaona.)

Nditabwerako sabata yotsatira munda unali utasanduka nazale. Ndinataya khasu n'kuyamba kuzula ndi manja. Pozula duwa ndinkazulira kumodzi ndi mtedza, chifukwa mizu inali italukana. Zozulazo ndinaziponya padenga la khola kuti ziume ndi dzuwa. Kuuma? Zinangopinda khosi, n'kudzuka, n'kuyamba kumera pa udzu wa dengalo. Ndinaziunjika kuti ndiziotche. Moto unazima katatu, chifukwa chinthu chodzaza madzi sichipsa, chimangolira tswii n'kukufukizira utsi m'maso. Pomaliza, nditatopa, ndinazinyamula m'matumba n'kukazitaya kukhwawa. Usandifunse iwe mtima wanga kuti ndinkaganiza chiyani. Mvula yotsatira inazikokolola n'kukazigawa m'madimba a anthu kumunsi konse.

Kukolola kunafika. Chimanga chinayesetsa, koma mtedza wa apongozi, umene chaka chilichonse unkadzaza nkhokwe yake, unakwana m'madengu oti mwana n'kusenza. A Zakeyu anayang'ana madenguwo, n'kuyang'ana ine. Nkhani ya chitengwa sindinayerekeze kuitchula.

Komabe mumtima ndinali ndi kachiyembekezo kamodzi. Ndinkati duwa likangotuluka n'kupezeka kuti ndi lachilendo, akatswiri adzabwera pa galimoto mpaka pakhomo pa apongozi, nyuzipepala zidzalemba, ndipo a Zakeyu adzazindikira kuti mtedza wa chaka chimodzi si kanthu poyerekeza ndi mbiri. Munthu ukamamira umaganiza zopusa zedi.

Kutayamba kuzizira, wakabaza wina anandipeza pasukulu ndi uthenga wa Esinati: "Akuti zinthu zanu zija zachita maluwa." Ndinasiyira ana ntchito pabolodi n'kuuyatsa ulendo. Ndipo ndisaname, chimene ndinaona chinali chokongola. Pakhonde, kumunda, padenga la khola, kutsogolo kwa tchalitchi, kukhwawa konse, mitengo yaitali itanyamula timabelu tofiirira tolendewera pansi, mudzi wonse uli psuu. Ndinathyola kamodzi, n'kukang'amba ndi chikhadabo. Timasamba tinayi, tolumikizana. Kalanchoe. Chabwino, fuko ladziwika. Koma m'fuko muli mitundu yambiri, ndipo wangawu ukhoza kukhala woti sunalembedwe. Ndinakulunga chomera chathunthu m'nyuzipepala, ndinavala jekete ya ukwati, m'mawa mwake n'kukwera minibasi ya ku Blantyre, kenako ina ya ku Zomba, komwe ndinamva kuti kuli akatswiri a zomera.

Amene anandilandira anali mayi wina wa magalasi, akumwa tiyi. Ndinayamba ndi mbiri yanga, za koleji, za mwala wa ku Thambani (za chitini sindinatchule), kenako ndinafunyulula nyuzipepala ija pang'onopang'ono ngati ndikuonetsa mwana wakhanda. Mayiwo sanaimirire n'komwe.

"Bambo, mwachoka nacho ku Mwanza chimenechi? Pa minibasi?"

"Eya, mayi."

"Tabwerani pawindo pano."

Ndinapita. Kunja, padzala la kuseri kwa ofesiyo, pakati pa mabotolo osweka ndi matayala akale, panali timabelu tofiirira tomwe tija, tikugwedezeka ndi mphepo.

"Kalanchoe delagoensis," anatero. "Kwawo ndi ku Madagascar. Chinabwera ngati duwa la pakhonde, kenako chinathawa m'zitini. Ife timachizula chaka chilichonse, chaka chilichonse chimabwerera. Pepani, dzina chili nalo kale, analemba inu ndi ine tisanabadwe."

Chitini chija chinandibwerera m'maso. Ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe ndi jekete yanga yomwe. Ndikupinda nyuzipepala kuti ndizipita, mayiwo anafunsa, "Kwanuko simunachidzale, eti?"

"Pang'ono."

"Muli ndi ziweto?"

"Mbuzi."

"Zili pachingwe?"

Kumudzi kuja mbuzi zimakhala pachingwe dzinja lonse, koma anthu akangomaliza kukolola amazimasula kuti zizidyera paliponse. Ndipo nthawi imeneyo chobiriwira chokhacho m'mudzi monse chinali changa chija. Mayiwo anaika kapu pansi. Anati chomerachi chili ndi poizoni amene amaimitsa mtima wa chiweto, makamaka m'maluwamo, ndipo ngati ndili ndi nzeru ndithamange.

Ndinathamanga, koma Zomba ndi Kanduku si pafupi. Ndinafika mawa lake dzuwa lili pamutu. Ndili patali ndinaona anthu atasonkhana pakhomo pa apongozi, ndipo ndinadabwa kumva kuseka. Tonde wa a Zakeyu, uja ankamutchula kuti bwana wa khola, anali atafa m'mawa umenewo, pamodzi ndi mbuzi ya apongozi imene inali ndi bere. Anthu anali atadandaula kale, atamaliza, n'kufika pa mfundo yoti chagwa chagwa, ndiwo zisatayike. Amuna anali atasenda, ana akulimbirana chikhodzodzo, moto uli lawilawi. Ndipo pakati pa bwalo, apongozi anga a Nangozo anali atanyamula beseni la chiwindi ndi matumbo, akupita nalo kukhitchini.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Njinga ndinaitaya ikuyenda. Ndinadutsa pakati pa anthu, ndinafika pamaso pa apongozi, ndinawayang'ana m'maso mwenimweni, ndinawagwira pamkono, n'kukuwa kuti, "Mayi inu, siyani! Musadye!" Kenako ndinawalanda besenilo.

Kuseka kuja kunathera pomwepo. Ngakhale galu amene ankanyambita magazi anaima. Mawu anga oyamba kwa apongozi chikwatirireni anali amenewo, ndipo ndinawanena ndikuwakoka dzanja pamaso pa mudzi wonse, nditavala jekete ya ukwati wa mwana wawo. A Nangozo anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso, n'kubwerera chambuyo mpaka kulowa m'nyumba. Esinati anakhala pansi pomwe anaimapo n'kuyamba kulira. Ine ndinatsala pakati pa bwalo ndi beseni la matumbo m'manja.

Ndinafotokoza za poizoni, za mayi wa magalasi, za Madagascar. Mkulu wina anafunsa kuti, "Ndiye mayi wanuyo wanena kuti nyamanso imapha?" Zoona zake n'zakuti sindinawafunse. Mpaka lero sindikudziwa. Koma poti ndinali nditayamba kale, ndinaumirira, ndipo nyama yonse tinaithira palafini n'kuikwirira m'dzenje langa la kompositi lija, ana akulira ngati pamaliro. Kupha mbuzi anthu akanandikhululukira. Koma kupha mbuzi, kenako n'kuwaletsa kudya, zimenezo amazikumbukirabe. Pali mkulu wina amene mpaka pano ndikamulonjera amangoyang'ana kumbali n'kumeza malovu.

Loweruka lotsatira ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali nditalongedza kale kachikwama, podziwa kuti andithamangitsa pamudzi. Za mbuzi tinagwirizana kuti ndibweza, za kugwira apongozi ndinapepesa ndi tambala nditagwada. Kenako a Zakeyu anakonza pakhosi.

"Aphunzitsi, ena akuti tikuthamangitseni. Ine ndakana. Kukuthamangitsani n'kukupatsani tchuthi. Mlendoyu munabwera naye ndinu, pa njinga yanu. Munati tidzamudziwa akadzachita maluwa, ndipo tamudziwadi. Tsono mumuperekeze. Tsiku limene mudzazule womaliza pamalo a mbumba yanga, mudzabwere mudzandiuze, ndidzayendera ndekha. Ndikadzapanda kupeza ngakhale kamodzi, Esinati mudzamtenge tsiku lomwelo, tidzakuperekezani ndi nyimbo."

Ankhoswe anga anaomba m'manja, akuti chigamulo chachifundo. Iwo sanaphunzire bayoloje.

Kuyambira pamenepo moyo wanga ndi umenewu. Kachipinda ka pa Boma ndinakasiya, matilesi ndinasungitsa kwa mnzanga. Ndimapalasa njinga m'mawa kupita kusukulu, madzulo n'kubwerera kudzazula. Ndinaphunzira kuzula mofatsa ngati ndikunyamula mazira, chiguduli chili pansi kuti timwana tisagwere m'dothi, n'kuzitsekera m'mgolo mpaka ziwole. Ukazula pano, uko zamera. Ukamaliza kumunda, zili m'ming'alu ya chipupa, zili pansi pa mwala wochapira. Kamwana kamodzi koiwalika, kochepa ngati njere ya mapira, chaka chamawa ndi mudzi wathunthu. Nthawi zina ndimakhala pachulu dzuwa likamalowa, n'kumadzifunsa ngati ndinabadwira zimenezi.

Ndipo dzina lija ndinkalilota ndinalipeza. Anthu a kuno Chilatini alibe nacho ntchito, ndiye chomeracho anachitcha "aphunzitsi." Mudzamva mayi akukalipira mwana kuti, "Tazula aphunzitsi awo pakhomopo, mbuzi zingafe!" Kapena abambo pamsika wa Thambani akudandaulirana kuti, "Kudimba kwanga aphunzitsi andilowerera chaka chino." Tadala, uja ankakwawa, pano ali ku pulayimale. Tsiku lina akundithandiza kugwira chiguduli anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Adadi, n'chifukwa chiyani anthu anakupatsani dzina la udzu?" Ndinamuuza kuti akafunse amake.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi chachitika mwezi wathawu. Chaka chino ndinalimbikira kuposa zaka zonse. Tchuthi chonse ndinathera chogwada. Munda unayera, khwawa la mbali yathu linayera, denga la khola ndinalisasula n'kufolera lina. Ndinayendayenda pamalo onse a mbumba osapeza ngakhale kamodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatumiza uthenga kwa mnzanga uja kuti awapukute matilesi. Chinkandidabwitsa chinali chimodzi: kumunsi kwa nyumba ya apongozi, m'kangalande ka madzi a mvula, timwana tatsopano tinkangobwerabe, ngakhale ndisesemo chotani. Tsiku lina apongozi atapita kutchalitchi ndinatsatira kangalandeko chokwera, mpaka kuseri kwa bafa lawo, malo amene mkamwini safikako.

Pamenepo, pamwamba pa njerwa ziwiri, panali chitini. Chitini chabwinobwino, chobooledwa kunsi mwaluso. M'menemo munali aphunzitsi onenepa, aatali kufika m'chiuno, atazunguliridwa ndi minga kuti mbuzi zisawafike. Dothi lake linali lonyowa. Chomera chimene sichifuna madzi, wina anali atachithirira m'mawa womwewo.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kuchizula sindikanatha, ndikanafotokoza bwanji kuti ndimafuna chiyani kuseri kwa bafa la apongozi? Kuwafunsa sindingathe, ndinawalankhulapo kamodzi ndipo mudzi sunaiwale. Kukauza a Zakeyu ndiye kuneneza mlongo wawo. Madzulo ndinamunong'oneza Esinati. Iye sanadabwe n'komwe. Anapitiriza kupeta mpunga wake, n'kunena kuti, "Amayi akukalamba, bambo a Tadala. Ine ndikapita ku Boma, madzi aziwatungira ndani?"

Ndiye phunziro lake ndi lotani? Ndikanakonda kunena kuti ukaona chitini pambali pa duwa, usachikankhe ndi phazi. Koma phunziro limenelo landipeza mochedwa, ndipo silingandichotse pano. Dzulo lomweli ndikuchokera kusukulu, ndikutsamiritsa njinga pakhoma, ndinamva mawu kuseri kwa nkhokwe, odekha, aulemu wake wonse:

"Esinati, uwauze bambo a Tadala kuti m'ngalandemu mwameranso. Asadzipanikize, azizula pang'onopang'ono."